Matayala a ngolo pa msewu wa ku Katowo: kusankha kachipangizo kounika mpweya

Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, msewu wochokera ku Katowo m'dera la Hewe, wodzera pa Bolero kukafika pa boma la Rumphi, umasenza katundu woposa msinkhu wake. Malole odzaza mabelo amatsika ulendo wa ku okushoni ya ku Mzuzu, mathirakitala amakoka ngolo kuchoka m'minda, ndipo mvula ikakata alendo ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya amatulukira pa mbali ina ya msewu womwewo ndi magalimoto awo okhala ngati nyumba, a pogona ndi pophikira momwemo, ena akukoka kangolo ka matenti ndi madzi, ulendo wa ku Kazuni m'nkhalango ya Vwaza kapena wa ku Chelinda pamwamba pa Nyika. Mlimi, wamtengatenga ndi mlendo amasiyana m'thumba, koma vuto lawo ndi limodzi: onse ali ndi matayala kumbuyo amene sangawaone ndiponso sangawamve akamayendetsa. Lero kuli tizipangizo touza dalaivala kuchuluka kwa mpweya ndi kutentha kwa tayala lililonse galimoto ili pa liwiro, todziwika ndi dzina lachidule lakuti TPMS. Maganizo anga ndi akuti tizipangizoti n'tofunika, ndipo n'tofunika kwambiri pa ngolo kuposa pa galimoto yokokayo, koma amene akusankha asayang'ane kukongola kwa sikirini. Afunse ngati kachipangizoko kangapirire fumbi la ku Hewe, ngati wokonza matayala wa pa Bolero angagwire ntchito yake kali pomwepo, komanso ngati dalaivala ali ndi chochita kakalira.

Anthu ambiri amaganiza kuti tayala limaphulika chifukwa chopopa kwambiri. Nthawi zambiri pa msewu zimakhala zosiyana ndi pamenepo. Chimene chimanyamula katundu ndi mpweya, mphira ndi waya zimangousunga. Mpweya ukachepa, m'mbali mwa tayala mumapindika mopyola muyezo pamene lagunda pansi, kenako mumawongoka, ndipo zimenezi zimachitika kambirimbiri pa mphindi imodzi. Kupindikapindika kumeneku kumabala moto. Kutentha kukakwera, mphira umayamba kulekana ndi waya wa m'kati, mpaka chikopa cha pamwamba chimasendeka kapena tayala lonse limang'ambika. Zidutswa zakuda zimene timaziona m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Bwengu ndi Ekwendeni zambiri zimachokera ku matayala amene anayenda mtunda wautali akuphwa pang'onopang'ono. Chinayambitsa chimakhala chaching'ono: msomali, munga, kamwala kamene kanalowa mu mzere, vavu yotha, limu yadzimbiri. Ngakhale tayala labwinobwino limataya mpweya wokwana 1 kapena 2 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala) pa mwezi kudzera mu mphira momwemo. Choopsa n'chakuti matayala amakono a radial saonetsa msanga. Tayala la galimoto yaing'ono loyenera kukhala pa 32 psi likhoza kutsika kufika pa 24 psi, munthu n'kuliyang'ana n'kunena kuti lili bwino.

Pa galimoto yokhayokha dalaivala wozolowera amakhala ndi mwayi pang'ono. Tayala lakutsogolo likayamba kuphwa, chiwongolero chimakokera mbali imodzi. Lakumbuyo likaphwa, galimoto imagwedezeka m'chiuno pokhota. Ngolo siyiuza munthu kanthu. Yalumikizidwa ndi chitsulo chimodzi chokha, injini ili ndi mphamvu zokwanira kukoka tayala lophwa osamva kulemera, ndipo pa msewu wafumbi wa mabampu phokoso ndi kugwedera zimakhalapo kale, fumbi latsekanso magalasi oonera kumbuyo. Munthu akhoza kukoka ngolo ya tayala lophwa mpaka limu kuyamba kudya miyala, n'kudzazindikira anthu a m'mbali mwa msewu akumukodola. Pa malole pali vuto lina, la matayala ophatikizana awiriawiri. Lam'kati likaphwa, lakunja limasenza katundu wa onse awiri, ndipo poyang'ana kunja zonse zimaoneka bwino mpaka nalonso litapsa. Thiraki yokoka ngolo ya maekiselo atatu imakhala ndi matayala 22 pansi, ndipo 10 mwa amenewa ndi am'kati, amene munthu sawafikira popanda kugwada. Apa ndi pamene kachipangizo kounika mpweya kamagwira ntchito imene maso, makutu ndi manja a dalaivala sizingagwire, ngakhale akhale katswiri wotani.

Maiko ena anafika pa mfundo imeneyi atalira maliro. Mu Ogasiti 2000 kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni ku America chifukwa ankasendeka pa liwiro, makamaka pa magalimoto a Ford Explorer, ndipo anthu oposa 200 anafa pa ngozi zokhudzana ndi vutoli. Makampani awiriwa anakangana za amene anali wolakwa, ndipo nkhani ya mpweya inali pakati pa mkanganowo, popeza Ford inkalangiza 26 psi pamene Firestone inkanena kuti 30 psi ndiye yoyenera. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo lotchedwa TREAD Act, ndipo kuyambira mu Seputembala 2007 galimoto yaing'ono yatsopano iliyonse imayenera kuchenjeza dalaivala mpweya ukatsika ndi 25 peresenti. Maiko a mu European Union anatsatira pa magalimoto ang'onoang'ono onse atsopano mu Novembala 2014, ndipo kuyambira mu Julayi 2024 lamulo lawo likukhudzanso malole, mabasi ndi ngolo zikuluzikulu. Kuti ngolo zinaganiziridwa komaliza sizikutanthauza kuti zinali zosaopsa. Kuzilumikiza ndi galimoto yokoka ndiko kunali kovuta. Kuno kwathu magalimoto ambiri ndi ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, ndipo ochuluka amabwera opanda kachipangizoka, pamene ngolo zambiri zazing'ono n'zowotcherera konkuno. Chiphaso cha COF chimatsimikiza za tsiku limene galimoto inayesedwa, pomwe mpweya umasintha tsiku ndi tsiku. Choncho nkhaniyi yatsalira m'manja mwa mwini galimoto.

Mitundu ya TPMS ilipo iwiri, ndipo umodzi tiuchotseretu. Pali umene suyeza mpweya weniweni koma umawerenga liwiro la magudumu kudzera mu masensa a mabuleki a ABS, n'kuganizira kuti gudumu limene likuzungulira mofulumira kuposa anzake ndiye laphwa. Umenewu umabwera kuchokera ku fakitale, suona ngolo, sudziwa za kutentha, ndipo pa msewu wa miyala pamene magudumu amaterereka umasokonezeka. Wokoka ngolo akufunika mtundu winawo, wokhala ndi sensa pa tayala lililonse imene imayeza mpweya ndi kutentha n'kutumiza uthenga pa wailesi ku kasikirini kamene kali pamaso pa dalaivala.

Mkangano weniweni uli pa malo oika sensayo: m'kati mwa tayala kapena kunja pa vavu, m'malo mwa kachivundikiro. M'mabuku sensa yam'kati ndiyo imapambana. Imayeza kutentha kwa mpweya weniweniwo, wakuba sayiona, matope sayifika, ndipo batire lake limatha zaka zisanu mpaka khumi. Koma pa msewu wa ku Katowo zinthu ziwiri zimaigwetsa. Choyamba ndi chubu. Malole ambiri a matani atatu mpaka khumi, ngolo za mathirakitala, ngakhalenso magalimoto ang'onoang'ono amene matayala awo anabookabooka, amayendera machubu, ndipo sensa yam'kati siingagwire ntchito pamene mpweya watsekeredwa mu chubu. Chachiwiri ndi kakonzedwe ka matayala kumudzi. Wokonza matayala wa pansi pa mtengo alibe makina ovulira tayala. Amaligoneka pansi, amalimenya m'mphepete ndi hamala yaikulu kuti lilekane ndi limu, kenako amalowetsa zitsulo ziwiri n'kumakanula mozungulira. Ndi luso lenileni, ndipo lapulumutsa maulendo osawerengeka, koma chitsulo chikangodutsa pamene pali sensa, kapulasitiki kaja kamasweka nthawi yomweyo. Batire la sensa yam'kati silisinthika. Likatha kapena sensa ikasweka mugula ina, muvulenso tayala, ndipo mitundu ina imafuna makina apadera kuti sikirini iizindikire, makina amene simungayembekezere kuwapeza pa Bolero. Pachifukwa chimenechi ndikuona kuti kwa ambiri a kuno sensa yomangirira pa vavu ndiyo yoyenera. Imagwira pa chubu ndi popanda chubu pomwe, imamasulidwa ndi dzanja tayala lisanapite kwa wokonza, ndipo ikhoza kusamutsidwa kuchoka pa ngolo ina kupita pa ina. Sensa yam'kati ndiisiyira makampani a mathiraki amene ali ndi galaja yawoyawo ndi matayala opanda chubu, komanso mlendo amene anaikitsa kwawo ndipo wanyamula yapadera.

Sikuti sensa yakunja ilibe zilema, ndipo wogula azidziwe asanatulutse ndalama. Kuti iyeze mpweya imakankha kamtima ka vavu n'kukasiya kotseguka nthawi zonse, ndiye chimene chimatseka mpweya ndi kamphira kakang'ono ka m'kati mwa sensayo. Kamphirako kakatha kapena kakalumidwa ndi mchenga, kachipangizo kogulidwa kuti kateteze mpweya ndiko kamautulutsa. Mukamanga sensa thirirani madzi a sopo kuti muone ngati pakutuluka thovu, ndipo sankhani mtundu umene umabwera ndi timphira tapadera. Sensa imalemeranso kuposa kachivundikiro wamba. Pa vavu ya mphira kulemera kumeneku kumaigwedeza pa bampu lililonse mpaka imang'aluka patsinde, n'chifukwa chake pa misewu ngati ya ku Hewe ndi ya ku Thazima vavu yachitsulo, yaifupi, ndiyo yoyenera kunyamula sensa. Zitsulo zake zigwirizanenso, chifukwa mazinga a buraasi akakhalitsa pa vavu ya aluminiyamu m'chinyezi amagwirana mpaka osamasuka. Nthawi ya dzinja ngolo imamira m'matope mpaka pa ekiselo, choncho sensa ikhale yosalowa madzi ndi fumbi, imene pa bokosi pake palembedwa IP67. Za akuba, mitundu yambiri imabwera ndi kanati kokhomera kamene kamafuna sipanala yakeyake. Sikaletsa wakuba wotsimikiza mtima, koma kamaletsa mwana wachidwi pa siteji. Ndipo pali batire. Masensa ambiri akunja amagwiritsa ntchito timabatire tophwatalala ngati ta m'mawotchi, kawirikawiri ta nambala CR1632, timene timatha pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri. Funsani nambala ya batire musanagule, ndipo mukapita ku Mzuzu kaoneni ndi maso ngati likupezeka m'sitolo. Kachipangizo kamene batire lake liyenera kuitanitsidwa kunja kadzagwira ntchito nyengo imodzi ya fodya basi.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kugula kachipangizo ka galimoto yaing'ono n'kukaika pa lole. Tambiri totsika mtengo timene tadzaza pa intaneti, ta sikirini yowala yoyendera dzuwa, tinapangidwira matayala anayi a mpweya wochepa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tayala la galimoto yaing'ono limakhala pakati pa 30 ndi 36 psi, pamene la thiraki limafuna 100 mpaka 120 psi, ndipo likatentha limakwera kuposa pamenepo. Sensa iyenera kutha kuyeza mopitirira ndithu mpweya wa tayala lanu lili lotentha. Sikirini nayo ilandire matayala onse amene muli nawo, ndi sipeya yomwe, komanso ilole kuti ekiselo iliyonse ikhale ndi muyezo wake, chifukwa galimoto yokoka ndi ngolo sizikhala pa mpweya wofanana. Amene amasinthasintha ngolo, kapena amene amaisiya pa Kazuni n'kukazungulira m'nkhalango ndi galimoto yokha, asankhe sikirini yotha kuzimitsa mbali ya ngolo, apo ayi idzalira njira yonse kufunafuna masensa amene atsala kumsasa. Kenako pali mtunda. Uthenga wa sensa ndi wofooka, ndipo uyenera kudutsa chasisi, thanki ndi katundu. Pa thiraki ndi ngolo yake, kapena pa galimoto ya nyumba yokoka ina kumbuyo, pamafunika kabokosi kokuza uthenga komangidwa chapakati n'kulumikizidwa ku magetsi. Chofunika koposa pamenepa n'chakuti sikirini izinena msanga ikasiya kumva sensa. Ina imapitiriza kuonetsa nambala yakale kwa nthawi yaitali, dalaivala n'kumakhulupirira tayala limene mwina linatsala kale m'mbuyo. Izi mukhoza kuyesa muli pakhomo: masulani sensa imodzi muone ngati alamu ikulira pompo, kenako chotsani batire lake muwerenge mphindi zimene sikirini itenge kuti idandaule. Masensa a makampani osiyana samvana, ngakhale onse atakhala pa 433 MHz, choncho gulani limodzi ndi apadera awiri kapena atatu.

Dera la Rumphi lili ndi chifukwa chake chapadera chofunira kachipangizo kolola mwini wake kusintha malire a alamu. Mpweya wa m'tayala umatsatira kutentha: kukazizira ndi madigiri 10, tayala la galimoto yaing'ono limatsika ndi pafupifupi 1.5 psi, la thiraki ndi 4 psi kapena kuposerapo pang'ono. Munthu akhoza kupopa masana kukutentha m'chigwa cha Hewe, n'kulowa pa geti ya Thazima, kuyenda makilomita pafupifupi 60 kukafika ku Chelinda, pamalo okwera kuposa mamita 2,000 pamene mu Juni ndi Julayi madzi amaundana usiku. M'mawa mwake alamu ikhoza kulira popanda tayala lobooka. Kuwonjezera apo, oyenda pa misewu ya miyala ndi mchenga amachepetsa dala mpweya kuti tayala ligwire bwino pansi ndiponso kuti galimoto isagwedere, zimene zili bwino bola liwiro likhale lotsika, katundu asakhale wolemera, ndipo apopenso akafika pa phula. Kachipangizo ka malire osasinthika kamalira nthawi zonsezi, ndipo alamu yolira pachabe mapeto ake dalaivala amaizimitsa. Opanga ambiri amalangiza kuti malire a m'munsi akhale pafupifupi 10 peresenti pansi pa muyezo, a m'mwamba 20 kapena 25 peresenti pamwamba pake. Muyezowo utengedwe m'mawa matayala asanayende, ndi geji yodalirika, molingana ndi zimene wopanga galimoto kapena tayala analemba pa katundu amene mwanyamula. Mukaona nambala zikukwera pa ulendo musathamangire kuphwetsa; tayala lotentha limakwera mwachibadwa, ndipo kuliphwetsa kumalisiya loperewera likazizira, n'kulitenthetsanso kwambiri.

Za kutentha, sensa yakunja siyeza bwino kwenikweni, chifukwa ili pa mphepo ndi padzuwa. Nambala yake payokha musaikhulupirire kwambiri. Phindu lake lili poyerekeza gudumu ndi linzake. Ngati magudumu onse a ngolo akuonetsa nambala zoyandikana koma limodzi lathawa anzake, pamenepo pali buleki yogwira kapena bering'i imene yauma girisi. Amene amatsika mapiri a Chiweta ndi katundu wopita ku chipata cha Songwe amadziwa mmene madiramu a mabuleki amapsera asanafike kunyanja, ndipo moto umenewo umalowa mu limu mpaka mu tayala. Tizipangizo tambiri timabwera titaikidwa kuti tilire pa madigiri 70. Kwa ine chenjezo limeneli n'lamtengo wapatali ngati la mpweya lomwe, chifukwa bering'i ya ngolo ikagwira, gudumu lonse likhoza kuchoka.

Madalaivala akale ali ndi yankho lawo pa zonsezi, ndipo n'loyenera kulimva mwaulemu. Iwo amati akhala akuyenda misewu imeneyi zaka zambiri ndi chitsulo cha jeke m'manja: akaima pa Bolero kapena pa Njakwa amazungulira lole, kumenya tayala lililonse, kumvetsera kaliridwe kake, n'kuika dzanja pa habu kuti amve kutentha. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo usathe, chifukwa pozungulirapo munthu amaonanso nati yomasuka, mwala wopanikizika pakati pa matayala awiri, chotupa cha m'mbali mwa tayala ndi chingwe cha katundu chimene chalekerera, zinthu zimene sensa siingaone. Koma kumenya kumasiyanitsa tayala lokhuta ndi lophweratu. Sikungasiyanitse 110 psi ndi 90 psi, pamene kusiyana kumeneku n'kokwanira kupsereza tayala lolemedwa. Komanso kumenya kumanena za mphindi imene mwaimayo. Msomali ukalowa mutangonyamuka, palibe amene adzamenyenso tayalalo mpaka pa siteji yotsatira, ndipo pakati pamenepo ndi pamene limafera.

Ena amati ndi za anthu olemera, zoyenera alendo a ku Nyika osati mlimi wa fodya amene akudikira ndalama za ku okushoni. Kudandaulaku n'komveka m'dziko limene ndalama zakunja zimasowa ndipo chilichonse choitanitsa chimakwera mtengo mwezi ndi mwezi. Komatu kusowa komweko kwa ndalama zakunja ndiko kwakweza mtengo wa matayala, amene onse timagula kunja. Kuwerengera koyenera n'kuyerekeza mtengo wa kachipangizo ndi wa zimene zimatayika tayala limodzi likaphulika: tayalalo, mwina ndi linzake loyandikana nalo, limu yopindika, mapaipi a mabuleki ndi mawaya a magetsi amene chikopa chosendeka chimamenya, usiku wogona pa msewu kulondera katundu, ndi tsiku lokaperekera fodya limene laphonyeka. Tayala logwidwa likungoyamba kuphwa limamatidwa ndi ndalama zochepa n'kupitiriza ntchito. Pali phindu linanso la mafuta, ngakhale sindikufuna kulikuza: unduna woona za mphamvu ku America umati galimoto yaing'ono imataya pafupifupi 0.2 peresenti ya mtunda woyenda pa lita pa psi iliyonse imene matayala onse aperewera. Ndi zochepa pa ulendo umodzi, koma zimaunjikana pa chaka. Ndivomereze mbali imodzi: pa ngolo ya thirakitala yoyenda pang'onopang'ono kuchoka kumunda kupita ku shedi, tayala silitentha kufika poopsa, ndipo geji yam'manja ndi yokwanira. Kachipangizo kamayamba kubweza ndalama zake pamene pali liwiro, mtunda ndi katundu wolemera pamodzi.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse n'chakuti matayala ambiri a kuno safa ndi kuphwa kokha. Amafa ndi mwala wakuthwa wong'amba m'mbali, ndi dzenje la pa phula, ndi ukalamba, ndi katundu wopyola muyezo. Izi n'zoona, ndipo wogulitsa amene anganene kuti kachipangizo kake kamaletsa kuphulika kulikonse akunama. Tayala long'ambika ndi mwala limaphwa m'kanthawi kochepa. Alamu imalira zitachitika kale, ngakhale kuti pa ngolo kudziwa pompo kumapulumutsabe limu ndi tayala linzake. Tayala lakaunjika limene linakalamba lisanafike m'dziko muno likhoza kuonetsa mpweya wabwino mpaka mphindi yomaliza. Msinkhu wake umawerengedwa pa nambala zinayi zomalizira za mzere woyamba ndi DOT m'mbali mwake: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Matayala a ngolo ndi a magalimoto a nyumba ndiwo amanyenga kwambiri pamenepa, chifukwa amakhala miyezi yambiri ataima padzuwa, mizere yake ikadali yakuya pamene mphira waumiratu ndi kuchita ming'alu. Za katundu, tayala lililonse lili ndi nambala yosonyeza kulemera kumene lingasenze, ndipo mabelo owonjezera pamwamba pa lole sachotsedwa ndi sensa. Choopsa chimene ndimachiona n'chakuti munthu akaika kachipangizo amayamba kudzimva wotetezeka, n'kuwonjezera liwiro kapena katundu. Yankho langa silakuti chotsutsachi n'chabodza, koma kuti chikunena za matenda ena. Kachipangizoka kamagwira kuphwa kwa pang'onopang'ono ndi kutentha kokwera pang'onopang'ono, ndipo pa matayala a ngolo palibe njira ina yogwirira zimenezi galimoto ikuyenda.

Alamu ikalira pakati pa Katowo ndi Bolero, pamene palibe filing'i sitesheni yothamangirako, chimene dalaivala wapatsidwa ndi mphindi zochepa chabe, ndipo phindu lake lidalira zimene wanyamula. Ndalama za kachipangizo ziwerengedwe pamodzi ndi za pampu yokwanira mpweya wa matayala ake, kaya ndi kompuresa yolumikiza ku batire kapena paipi yotengera mpweya ku thanki ya mabuleki a lole, geji yam'manja yotsimikizira zimene sikirini ikunena, zomatira, jeke yotha kunyamula ngolo yodzaza, thabwa loika pansi pa jeke pa dothi lofewa, ndi sipeya ya ngolo, imene kawirikawiri siifanana ndi ya galimoto yokoka. Pali chenjezo limodzi limene anyamata a pa lole ayenera kuuzidwa mobwerezabwereza. Tayala la thiraki limene layenda ndi mpweya wochepera 80 peresenti ya muyezo wake limatengedwa ngati lophwa, ndipo liyenera kuvulidwa n'kuunikidwa m'kati lisanapopedwenso, chifukwa waya wa m'mbali amakhala atatopa ndipo akhoza kuduka onse pamodzi popopa, munthu ataweramira pomwepo. Popopa tayala lotere munthu aime chapatali, kumbali ya mizere osati moyang'anizana ndi limu.

Gawo lotsala ndi la mwini galimoto. Dalaivala amene amalipidwa pa ulendo, kapena amene amakalipiridwa akachedwa pa mzere wa ku okushoni, adzaona alamu ngati mdani wake ndipo adzazula chingwe cha sikirini. Bwana amene waika kachipangizo anene momveka kuti kuima chifukwa cha alamu si mlandu, ndipo amuphunzitse dalaivala ndi womuthandiza tanthauzo la nambala iliyonse, malo a tayala lililonse pa sikirini, ndi kufunika kobwezera sensa iliyonse pa gudumu lake matayala akasinthidwa, kuopa kuti alamu ingaloze kumanzere vuto lili kumanja. Ngati ndalama sizikukwanira masensa a magudumu onse nthawi imodzi, gulani sikirini yotha kulandira onse, koma yambani ndi matayala a ngolo ndi am'kati a lole, kenako awiri akutsogolo amene kuphulika kwake kumalanda chiwongolero, ndipo otsalawo adikire fodya wa chaka chamawa.